Khutu limodzi la atate, lina langa

Ndikanakhala munthu womvera malangizo, ulendo wa ku Mchinji tikanayenda pa basi ngati anthu ena onse. Amayi ananena, abusa ananena, ngakhale azimayi amene ndimawagulitsa nsomba ku Kafue Estates ananena kuti mwana wamkazi sanyamula bambo ake okalamba pa njinga yamoto mpaka kuwoloka nawo malire. Koma ine ndine Esinati, mwana wa a Mbewe, ndipo kuuma mutu kumeneku sindinakutole panjira. Njinga yanga imapita ku Chanyanya m'mawa uliwonse kukatenga nsomba, m'matope ndi m'fumbi momwe, ndiye msewu wa tala sukanandiopsa.

Anayambitsa zonsezi ndi azakhali anga aNambewe, mlongo wawo wamkulu wa atate. Atate anachoka kwawo ku Malawi ali mnyamata kudzagwira ntchito m'mafakitale a ku Kafue kuno ku Zambia, ndipo maulendo ochepa amene anapitako kumudzi, azakhali anali kubanja kutali, mbali ya ku Mozambique. Kenako kunabwera ana, kenako ntchito inatha, kenako pasipoti inafa, zaka n'kumangopita. Pamene azakhali ankabwerera kumudzi ali amasiye, maso awo anali atasiya kuona, ndipo anthu amene ankawadziwa atate nkhope ambiri anali atatsogola. Chaka chathachi kunafika mkulu wina wolankhula Chinyanja cha ku Zambia, n'kunena kuti iye ndiye Yotamu, mlongo wawo. Anamuphera nkhuku, anamuyalira mphasa yatsopano, kutacha anali atasowa limodzi ndi wailesi ndi bulangete. Kuyambira pamenepo azakhali analumbira mudzi wonse ukumva kuti aliyense wodzitcha Yotamu sadzaponda pakhonde pawo pokhapokha atayankha nyimbo imene awiriwo anapeka ali ana, poingitsa mbalame m'munda wa mapira.

Atate atamva nkhaniyi anayamba aseka. Anayesa kuwaimbira foni kudzera kwa msuweni wanga Fanesi, mwana wa azakhali amene amawasamalira, koma azakhali anakana kuigwira, ati mawu a m'kabokosi aliyense akhoza kuwapanga. Apa m'pamene atate anaulula kuti nyimboyo anaiiwala yonse, chotsala m'mutu mwawo chinali chakuti inalipo. Fanesi ndi munthu wochenjera ngati ine ndemwe. Anadikira tsiku limene azakhali ankatonola chimanga, n'kuwajambula mawu mobisa akuimba, n'kutitumizira. Tinasangalala kuti zatheka, mpaka pamene tinamvetsera. Azakhali ankaimba mbali yawo yokha. Akaimba mzere umodzi ankasiya mpata, n'kumangomveka chimanga chikugwera m'lichero, kenako mzere wina, mpata winanso. Mipata inalipo inayi, ndipo yonse inali ya atate. Zinandikhudza kuganiza kuti zaka zonsezi mayi ameneyu wakhala akusiyira mlongo wake malo m'nyimbo.

Kunyumba zinakanika. Khutu lamanzere la atate linafa kalekale ndi phokoso la makina, ndiye ankakanikiza foni kukhutu lamanja ataikweza mpaka kumapeto, adzukulu n'kumawazungulira akuyeserera mawu a gogo wa ku Malawi. Amayi nawo osathandiza, ati zaka zonsezi m'tchalitchi bambo awa amangoyendetsa milomo, lero ndiye akhale woimba? Atate ndi amanyazi, akangoona diso la munthu mawu amawathawa. Koma tsiku lina nditawanyamula kupita nawo ku Chanyanya, ndinamva msana wanga ukunjenjemera. Anali iwo akuimba nyimbo ya kutchalitchi mkati mwa helemeti, mokweza, mosaopa. Nditawafunsa anati m'chipewa chimenechi munthu umakhala wekha ngati uli kubafa. Ndi mmene tinapanganirana: masiku awiri a msewu, mawu a azakhali ali m'khutu, mwina mipata ija idzadzaza. Pa basi sizikanatheka, anthu akanati mdala wapenga.

Pasipoti ya atate titaikonzetsa, chotsala chinali kupeza mahedifoni olowa pansi pa helemeti, ndipo ine ndinkayesa nkhani yaing'ono. Tinapita kumsika kwa Kelvini, amene ndinaphunzira naye sukulu, munthu wopemphera kwambiri moti katundu aliyense amamutsatsa ndi aleluya. Anawakhazika atate pa kireti, n'kutulutsa kabokosi koyera.

“Basisi, bamudala batenge aya yalibe ntambo,” anatero Kelvini. “Ni yamene bonse bagula manje. Sawundi yake monga muli mu chechi.”

Tinasomeka kamodzi kukhutu lamanja, atate n'kukoka helemeti. Kanafwamphuka, kanagunda phewa, n'kugubuduzikira pansi pa thebulo la mayi wogulitsa tomato. Tinakafunafuna titagwada, ine ndi Kelvini ndi mwini tomato yemwe. Kachiwiri kanakhala, koma povula helemeti kanagwanso, ndipo ndinadziona ndikukwawa m'mbali mwa msewu ku mapiri a Luangwa, malole akundidutsa. Tinayesa ena okhala ndi kamchira kolendewera. Helemeti inakanikiza kamchirako, nkhope ya atate inakwinyika, ati zikuwakumbutsa mphunzitsi wina amene ankawatsina khutu. Ena okolekera kuseri kwa khutu analipinda khutulo pakati. Kelvini atatulutsa aakulu aja ovala pamutu n'kunena kuti mwina tiwaveke pamwamba pa helemeti, anthu amene anali atatizungulira anaseka mpaka wina anakhala pansi.

Timasipika tafulati tomata mkati mwa helemeti tinatipatsa chiyembekezo. Pamsikapo atate ankawamva bwino azakhali. Koma ine ndinati katundu wa pa njinga amayesedwa pa njinga, ndiye ndinawakweza n'kuthamanga nawo mpaka kunjanji ndi kubwerera. Anatsika akupukusa mutu, ati amva mphepo yokhayokha, ndipo kuti amve mawu pafunika kukweza mpaka kupha khutu lotsalalo. Pomaliza Kelvini anapisa dzanja pansi pa katoni mwamanyazi n'kutulutsa timahedifoni totchipa ta nthambo, timitu take ting'onoting'ono tokhala ndi mphira wofewa. Timeneti tinkamira m'khutu osatsala kanthu kotulukira kunja koti helemeti ikankhe, ndipo mphirawo unkatseka mphepo, moti mawu ankamveka popanda kukweza. Timiphirato tinali ta masaizi atatu, la atate linafuna kakakulu. Mayi wa tomato, amene tsopano nkhaniyi anali ataitenga ngati yake, anati bambowa azimanga kaye duku yophimba makutu kuti helemeti izitsetsereka pamwamba, ndipo povala azikokera malamba kunja. Atate anakana kwamtuwagalu. Titayesa ndi duku ya mayiyo n'kuona kuti zikugwira, anangoti nkhaniyi isakamveke kutchalitchi.

Popeza khutu lamanzere la atate ndi lokongoletsa chabe, kamutu kamanzere kanangolendewera. Ine sindikonda kuona chinthu chogulidwa chikukhala osagwira ntchito, ndiye ndinati kameneko ndi kanga. Kelvini analekanitsa nthambo ziwirizo mpaka m'munsi kuti yanga ifike kutsogolo, foni ikhale m'thumba la pamtima la atate, nthambo idutse mkati mwa jekete kuti mphepo isamaikoke. Khutu langa lamanja ndinalisiya lotsegula, poti malole amadutsira mbali imeneyo ndipo woyendetsa ayenera kuwamva akubwera.

Tinanyamuka m'mawa kukuzizira, mwezi wa chisanu. Amayi anawamanga atate duku yawo ya maluwa ofiira akuseka, kenako anatigwira mapewa n'kupemphera pemphero lalitali lomwe mbali ina linali kundidzudzula ine kudzera kwa Mulungu. Bokosi la nsomba ndinalichotsa n'kumanga chikwama, koma fungo linakana kutsala. Tinapangana chinthu chimodzi: pa njinga sitimvana, choncho atate akafuna kuti ndiime azigogoda helemeti yanga. Mu Lusaka tinachedwa ndi mzere wa magalimoto, anyamata a maminibasi akundiitana kuti “bamayo ba njinga” n'kumafunsa ngati agogo a duku kumbuyoko ali bwino. Atate anangoyang'ana kutsogolo ngati sakumva.

Titadutsa Chongwe msewu unatseguka, atate n'kuyatsa nyimbo. Mawu a azakhali analowa m'khutu langa, okalamba koma akuthwa. “Yotamu uli kuti, mbalame zatera.” Mpata. “Wagona iwe, mapira akutha.” Mpata. “Amayi akabwera ndikakunenera.” Mpata. “Tiye nazo, mlongo wanga, tiye nazo.” Mpata, n'kuyambiranso. Tisanapite patali ndinamva kho, kho, kho pa helemeti. Ndinapatukira kumbali n'kuwafunsa ngati akufuna kutaya madzi. Anandiyang'ana modabwa, ati iwo sanagogode. Ndinati mwina ndi mwala wouluka, tinapitirira. Patsogolo pang'ono, kho, kho, kho. Ndinaimanso, anakananso, ndipo anakana ndi nkhope ya mkulu wa mpingo moti ndinayamba kudzikayikira ndekha.

Mzere woyamba unabwera cha ku Rufunsa. M'munda wina wokololedwa munali chulu chachikulu, ndipo titachidutsa atate anakuwa kumbuyo kwanga mpaka ndinatsala pang'ono kugunda mbuzi. Apa sanagogode n'komwe, anandigwedeza mapewa. Nditaima anatsegula galasi la helemeti, maso ali gwa, n'kuimba, “Ndili pachulu, ndaziona kale.” Anati m'munda mwawo munali chulu, iwo ankakhala pamenepo, azakhali kumapeto kwina kufupi ndi dambo, ndipo nyimboyo inali yoti aliyense adziwe kuti mnzake sanagone. Tinavina pang'ono m'mbali mwa msewu, nthambo ikutilumikiza mitu, dalaivala wina wa lole n'kutiimbira huta.

Mapiri a Manenekela ndinawatsika mtima uli m'mwamba. Makona ake ndi oti sudziwa chimene chikubwera, ndipo pakona ina yoipitsitsa, lole ili kumbuyo kwathu, kho, kho, kho. Ndinapeza poima movutikira, ndinavula helemeti, ndipo ndinapsa mtima.

“Atate, mwagogoda futi. Pano si poimilila, muzatipayisa.”

“Mwanawe, ine manja anga ali pamalo pake,” anatero, akundionetsa manjawo ngati mboni.

Ndinawauza kuti kuyambira pamenepo kugogoda kwatha ntchito, akafuna kuima azinditsina m'nthiti. Anavomera mokondwa, ndipo kugogoda kunapitirira mpaka ku Luangwa.

Pamsika wa ku Luangwa kunkatentha ngati si mwezi wa chisanu. Tinadya nshima ya nsomba youma, ine n'kuyendera matebulo ndi diso la mwini ntchito, ndikupeza zifukwa nsomba za eni ake pomwe zinali zabwinobwino. Pa rodibuloko ya pafupi ndi mlatho, bwana wina wa yunifomu anaona mapepala anga, n'kupempha kuti wokwera kumbuyo avule helemeti aone nkhope. Atate anavula pang'onopang'ono. Panatulukira duku ya maluwa ofiira, pansi pake ndevu zoyera.

“Manje apa tizakamba kuti ni bamayo olo ni batate?” anafunsa bwanayo, akulimbana ndi phwete.

Atate anamufotokozera nkhani yonse, kuyambira wakuba wailesi mpaka mayi wa tomato. Bwanayo anaitana anzake kuti adzamve, ndipo potilola kupita anati tikabwerera tidzawauze ngati agogo anatsegula chitseko.

Titadutsa Kacholola tayala lakumbuyo linaphwa. Tinakankha njinga mtunda ndithu, atate akudandaula kuti anabadwa kuti azinyamulidwa ndi mthuthuthu, osati kuunyamula. Womata matayala tinamupeza pansi pa mtengo, koma guluu anali atamuthera, ndipo amene anapita kukagula pa njinga yakapalasa anakhala ngati wakafika ku Chipata. Tinadikira dzuwa likupendeka. Mayi wina anadutsa ndi mtolo wa nzimbe, ndinagula umodzi kuti tipusitse nthawi. Atate anasenda ndi mano awo otsalawo, anatafuna, analavula zitsotso, kenako anaima kutafuna. Anati kwawo sizinali nzimbe, inali misale, ndipo ankaithyola m'munda womwewo umene anatumidwa kulondera. “Sindinagone, ndikudya misale,” anaimba motsitsa, womata matayala akuwayang'ana. Ndinayamika msomali umene unatibaya.

Tinagona ku Nyimba, pa nyumba ya alendo ya mayi wina wonenepa wokonda nkhani, amene anatipatsa nthochi zaulere atamva kumene tikupita. M'mawa ndinapeza atate atakhala pakhomo la chipinda chawo, nkhope itagwa. Ndinawapatsa moni, osayankha. Ndinakuwa, anangoloza khutu lamanja n'kunena mokweza kuti nalonso lafa usiku, ulendo wathera pompano. Mtima wanga unagwa, ndinadziimba mlandu kuti nyimbo ya dzulo lonse yawagonthetsa. Mwini nyumba ndiye anawakokera padzuwa n'kusuzumira m'khutumo. Kamphira kaja kanali katavuka n'kutsalira mkati, iwo n'kugona nako. Anakatulutsa ndi kachitsulo kozulira nsidze, atate n'kumva tambala akulira, n'kuseka ngati mwana. Kuyambira pamenepo, asanavale ankayamba akoka kamphirako kuona ngati kagwira, ndipo povula ankakapotoza pang'onopang'ono m'malo mokoka nthambo.

Tsiku lachiwiri linali la njinga zakapalasa ndi ngolo za ng'ombe. Petauke, Sinda, midzi ikuchulukirachulukira, ndipo Chinyanja cha atate chinkasintha tikamayandikira kwawo, mawu akutalika, moni akuchuluka. Ku Katete tinaima kuthira mafuta ndi kudya mbatata yootcha. Wogulitsayo anali ndi kabotolo ka chiponde, atate anapaka pa mbatata, analuma kamodzi, n'kuyamba kuseka mpaka kutsamwa. Nditawamenya pamsana anati azakhali, omwe lero akuopedwa ndi mudzi wonse, ankaba chiponde cha amayi awo ndi chala n'kusalaza pamwamba kuti pasaoneke. Mzere wachitatu unali woopseza: “Ukanena za ine, ndinena za chiponde.” Kuchokera apo mpaka ku Chipata ndinayenda ndi kwaya yathunthu, azakhali kukhutu lamanzere, atate kumsana. Kugogoda nakonso kunalipo, koma ndinali nditasiya kukulabadira.

Mpata wachinayi wokha unakana. Azakhali akati “tiye nazo, mlongo wanga, tiye nazo,” kumbuyo kwanga kunkangoti zii. Atate anayesa mawu awa ndi awa, onse osalowa. Pamalire tinapeza mabasi awiri atatsitsa anthu, mzere utatuluka panja. Mapepala a njinga ndinali nditawasunga chaka chonse m'bokosi la nsomba, ndiye nditawapereka pawindo, mayi wa pamenepo anawagwira ndi nsonga za zala n'kundifunsa ngati njingayo ndi ya pamsewu kapena ya m'madzi. Podikira chidindo atate anakhala pa benchi atagwira helemeti pamiyendo. Anati mwina tigone pa Mchinji, kapena tibwerere, adzabwerenso akadzakumbukira. Anati kuchita manyazi pamaso pa alendo si kanthu, koma kuimirira pabwalo pamene anabadwira, mlongo wawo n'kunena kuti sakuwadziwa, zimenezo sangazipirire. Sindinawaonepo atate akuopa chonchi, ndipo zinandiwawa. Ndinawauza kuti atatu mwa anayi ngakhale kusukulu amakhoza, ndipo mafuta obwererera osafika ine ndilibe.

Kuchokera pa Mchinji tinalowa msewu wafumbi, Fanesi akutilondolera pa foni. Tinafika dzuwa likadalipo. Mbiri inali itatitsogolera, pabwalo panali anthu ngati pali ukwati. Fanesi anandikumbatira n'kundinong'oneza kuti ndikununkha usipa, ine n'kumuyankha kuti ndi nsomba zenizeni, zimene kwawoko amangozimva. Azakhali anali pakhonde, kamunthu kochepa thupi, atakhala tsonga pakhomo penipeni, ndodo ataipingasa pamiyendo. Anthu anawaikira atate mpando pabwalo, patali pang'ono ndi khonde. Ine ndinagwada pambali pawo, helemeti yanga ili pamiyendo.

“Mwabweranu ndinu ndani?” anafunsa azakhali.

“Ndine Yotamu, achemwali.”

“Winanso anatero.”

Sanachenjeze. Anangokweza mutu n'kuyamba, “Yotamu uli kuti, mbalame zatera.” Atate anatsegula pakamwa, osatuluka kanthu. Maso onse a mudzi anali pa iwo, ndipo ndinaona milomo ikuyenda ngati mmene amachitira m'tchalitchi. Mpata unatalika. Azakhali anayamba kufufuza pansi ndi ndodo kuti aimirire. Ndinatola helemeti ya atate n'kuwaikira m'manja. Anandiyang'ana, anayang'ana anthu, kenako anakokera malamba kunja monga anaphunzitsira mayi wa tomato, n'kuivala pamwamba pa duku. Anthu anaseka, azakhali n'kufunsa chimene chikuseketsa. Fanesi anati alendowo avala chipewa cha mthuthuthu. Azakhali anati kaya avale mphika, iwo abwereza kamodzi kokha.

Anayambanso, ndipo m'kati mwa helemeti munatuluka mawu, ogunda ngati ochokera m'mgolo koma omveka. “Ndili pachulu, ndaziona kale.” Mzere wachiwiri unadutsa bwino, misale ndi zonse. Pa wachitatu, atate atatchula chiponde, milomo ya azakhali inagwedezeka, azimayi achikulire n'kubisa nkhope m'zitenje. Kenako unafika uja. “Tiye nazo, mlongo wanga, tiye nazo.” Ndinatseka maso. Mawu panalibe, ndinadziwa kuti palibe. Ndiye ndinamva pamiyendo panga, pa helemeti yanga, kho, kho, kho.

Ndinatsegula maso n'kuona dzanja la atate likubwerera, iwo eni osadziwa kuti latuluka. Ndodo ya azakhali inagwa pansi.

“Chitini,” anatero motsitsa. “Pamenepo panalibe mawu. Unkamenya chitini cha palafini kuti mbalame zibalalike. Bwera kuno, Yotamu.”

Atate anakwera pakhonde chogwada. Manja a azakhali anafuna nkhope n'kupeza helemeti, anaisisita mbali zonse, n'kufunsa ngati ku Zambiako mitu imakula chonchi. Anaivula okha, anapeza duku, anafunsanso ngati mlongo wawo anasanduka mkazi osawadziwitsa. Kenako zala zawo zinafika pamasaya, pa ndevu, pa khutu lakufa lija, ndipo anasiya kuseleula. Analira onse awiri, anthu akululutira, nanenso ndinalira osabisa. Pambuyo pake, tikudya, ndinawerengera atate malo onse amene anandiimitsa pachabe kuyambira ku Chongwe. Anayankha kuti iwo ananena zoona ulendo wonse, sanagogodepo kuti ndiime.

Ndinakhalako masiku ochepa, poti makasitomala anga a nsomba sadya nkhani. Atate anati atsalira mwezi wathunthu, adzabwera pa basi ngati munthu wolongosoka. M'mawa wonyamuka azakhali anafuna kudziwa mmene munthu woiwalaiwala ngati Yotamu anakumbukirira zonsezo, ndipo Fanesi anaulula za kujambula kuja ataima patali ndi ndodo. Azakhali anati awamvetse. Atate anasankha kamphira kakang'ono, anakakoka kuona ngati kagwira, n'kuwasomeka mlongo wawo kamutu kamene kanali kanga. Azakhali anamvetsera n'kunena kuti gogo ameneyu akuimba mokoka kwambiri, mbalame zikanatha munda. Koma sanachotse. Mpata utafika atate anayankha pambali pawo, ndipo azakhali anangogwira nthamboyo ndi zala ziwiri kuti isagwe.

Ndinawasiya chomwecho pakhonde, mitu itayandikana chifukwa nthambo ndi yaifupi. Ulendo wobwerera ndinauyenda makutu onse ali pululu, njinga yopepuka, ndipo pa rodibuloko ya ku Luangwa ndinakapereka lipoti monga tinalonjezera. Msewu wonse palibe anandiimitsa pachabe. Komabe pa makona a Manenekela ndinadzipeza ndikuchepetsa liwiro, mutu nditaupendekera kumbuyo pang'ono, kudikira wondigogoda.